Khutu Lobwereka

Lolemba, 3 Marichi

Kaphokoso kaja sikanachoke. Khutu lakumanja lokha. Fuu, fuu, fuu, ngati munthu akupopa njinga kuseri kwa chitseko. Lero ndinadzigwira pamkono n'kumvetsera: kakuyendera limodzi ndi mtima wanga. Mtima ukagunda, nako kati fuu. Ndikamakwera masitepe a ku wodi kamathamanga, ndikakhala pansi kamachepetsa liwiro, koma kulekeratu ayi.

Bambo akunyumba akuti ndi litsiro la m'khutu, ndigule kathonje. Kwa iwo matenda alipo awiri okha padziko pano, litsiro ndi malungo.

Sakudziwa chimene chikundiopsa. Ine ndine mzamba, khutu limeneli ndi limene ndimadyera. Makina omvera mtima wa mwana m'mimba alipo amodzi ku leba kwathu kochirira amayi, ndipo akapanda kukhala ku fiyeta ya opaleshoni ndiye kuti ali kwa okonza. Timadalira kalipenga kathu kachitsulo. Kukamwa kwake pamimba pa mayi, kumapeto kwake pakhutu pako, zala pamkono wa mayiyo kuti usasokoneze mtima wake ndi wa mwana. Kusukulu anatiphunzitsa kusiyanitsa mitima iwiri imeneyo. Za mtima wachitatu, wako womwe, palibe anatchulapo.

Lachitatu, 5 Marichi

Ndachita mantha lero.

Mtsikana wa mimba yoyamba. Ndaika kalipenga, ndamva kugunda bwinobwino, ndawerenga 120. Podzutsa mutu kuti ndilembe, kugunda kuja kukupitirirabe, kalipenga kali m'manja! Ndimawerenga mtima wanga. Masiku ano ukuthamanga ngati wa khanda, ndiye nambala yake ikumaoneka yabwino. Ndinayesa khutu lakumanzere koma fuu-fuu wa kumanja amaphimba zonse.

Ndinaitana Wamtali kuti amvere. Mwana anali bwino. Kenaka ndinamukokera m'kachipinda kosungira nsalu n'kumukhuthulira zonse. Ndikanauzanso ndani? Wamtali ndi ine tinayambira limodzi kusukulu ya unamwino, chipinda chimodzi, ndowa imodzi. Wodi yonse imatiitana Wamtali ndi Wamfupi, akaona mmodzi amafunsa winayo.

"Ukawauza a Metironi akuchotsa ku leba mawa lomwe," anatero. "Akakuika pawindo uzikadinda makadi. Iwe ungakhale pawindo?"

Sindingakhale. Ndingafe ndi kuyasamula.

"Ndiye tseka pakamwa. Ine ndizikumverera, iwe uzilemba. Mpaka ukaonane ndi dokotala wa makutu. Ikhale ya ife awiri."

Ndinamunyowetsera yunifolomu ndi misozi. Iye n'kumaseka kuti kufupika kwangaku ndikumulirira pamchombo.

Lachisanu, 7 Marichi

Zikuyenda. Iye amawerama pamimba, amatchula nambala, ine ndimalemba pa tchati n'kusayina. Zina zonse ndikuchita ndekha: kuyeza njira, madiripi, kuchiritsa amayi. Lero ndachiritsa awiri, anyamata onse.

Dokotala wa makutu ali ndi mzere wautali, andipatsa pa 19.

Ndatulukira kanthu. Ndikadina pakhosi chakumanja, pansi pa nsagwada, kaphokoso kamati zii. Ndikachotsa chala kabwerera. Bambo anandipeza ndikuphika chala chili pakhosi, akuti, "Mayi, mwayamba kudzipotokola nokha? Mukanandiuza ine ndikuthandizeni."

Lamlungu, 9 Marichi

Ndili kumwezi, ndipo monga mwa miyezi yonseyi zikungotsanuka. Ndachapa theka la zovala n'kukhala pansi. Ukalamba ukubwera msanga.

Lachiwiri, 11 Marichi

Tsiku loipa.

Wodi inadzaza, ife awiri basi. Ine ndinali pabedi la pakhomo ndi mayi wina amene mwana wake amabwera chammbuyo, sindikanatha kuchokapo. Mayi wa pabedi la pawindo anali ndi Wamtali. Nthawi yomvera ikakwana iye amafuula ali kuseri kwa katani, "Wamfupi, lemba 136!" Ine ndikavula magolovesi ndimalemba. Foni yake inali kulira kosalekeza, nkhani za mwamuna wake uja, sizitha.

Chakumasana madzi a mayi wa pawindo anatuluka obiriwira. Chimenecho n'chizindikiro chakuti mwana akuvutika. Adokotala anabwera ndi makina aja kuchokera ku fiyeta. 80. Mwana amatsamwa m'mimbamo, ndipo sikuti wayamba nthawi yomweyo.

Anathamangira naye ku opaleshoni. Kamtsikana, kanatuluka kali lende, osalira. Anakapopa mpaka kanatsokomola. Kali ku nazale pa mpweya.

Poweruka ndinamufunsa Wamtali, "Unamveradi?"

"Ukundifunsa chiyani iwe? Ndinamvera."

Amayang'ana m'chikwama chake ngati wataya makiyi.

Lachinayi, 13 Marichi

Sindikudziwa ndiyambire pati.

Anatiitana ku ofesi ya a Metironi. Iwo, adokotala a tsiku lija, ine ndi Wamtali. Tchati ili patebulo. A Metironi anati nambala zonse ndi zabwino mpaka mphindi yomaliza, pamene mwana anali atavutika kalekale. Anamvera ndani?

Ndinali ndisanatsegule pakamwa. Ndimaganiza kuti tiyang'anana kaye, ngati mmene timachitira nthawi zonse.

Wamtali anati, ndikulemba mawu ake enieni: "A Metironi, ine nkhaniyi yakhala ikundilemera. Mnzangayu khutu lake silili bwino. Akaika kalipenga amamva mtima wake womwe. Ndinamulangiza kuti akuuzeni koma anakana."

Anandilangiza! Iyeyo!

A Metironi anatembenukira kwa ine. "Sisita, za khutuzi n'zoona?"

"N'zoona."

"Dzanja ili pa tchatipa ndi lanu?"

"Ndi langa."

Basi. Sanafunsenso kanthu. Mayankho anga onse awiri anali oona, koma ataphatikizana anasanduka bodza lake. Ndikanati ndinene kuti sindinamvere ndine, ndiye ndikuvomera kuti ndakhala ndikusayina zimene sindinamve. M'khutu fuu-fuu ngati wina akumenya chitseko.

Andichotsa ku leba. Pawindo la makadi mpaka komiti ikhale pa 8 Epulo. Potuluka iye anadutsa patsogolo panga, nsapato zake kwe, kwe, kwe, osacheuka.

Lachisanu, 14 Marichi

Ana a Wamtali onse awiri anagwera m'manja mwanga pobadwa.

Loweruka, 15 Marichi

Ndawauza bambo zonse, kuyambira ku kachipinda ka nsalu. Iwo anangoti, "Kandimverere anakanena za m'maluwa."

Ndinawakalipira kuti sindikufuna miyambi, ndikufuna munthu wokhala mbali yanga. Chondipweteka n'chakuti akunena zoona. Pambuyo pake anavala nsapato akuti akupita kwa Wamtali akamufunse pamaso pa mwamuna wake. Ndinachita kuwalanda chipewa. Akakafika kumeneko akanena chiyani, kuti mkazi wanga amasayina zabodza mogwirizana ndi mkazi wanu?

Ndikumuda. Ndalemba, ndipo sindifufuta. Koma madzulo ano nditaona chinthu choseketsa pamsewu dzanja linapita lokha pafoni kuti ndimuuze.

Lolemba, 17 Marichi

Pawindo. Dzina, zaka, kumene mukukhala, chidindo pha. Wotsatira. Mabelu a ku leba amamveka mpaka pano, ndipo likalira miyendo imafuna kudzuka yokha.

Nthawi ya tiyi ndinamva anamwino awiri a ku wodi ya ana, sanadziwe kuti ndili kuseri kwa kabati.

"Akuti amamva mawu m'mutu."

"Wamfupi? Koma amaoneka wabwinobwino."

"Zimayamba choncho."

Lachinayi ndimamva mtima, lero ndikumva mawu. Pofika Lachisanu ndikhala ndikuvula pamsewu.

Wamtali anadutsa pawindo atanyamula mafayilo. "Mwaswera bwanji, Sisita?" Sisita! Munthu amene ndinkamuchotsa nsabwe kusukulu.

Lachitatu, 19 Marichi

Kwa dokotala wa makutu. Mayi wachikulire, magalasi ali kunsonga kwa mphuno, wosachedwa ndi moni.

Mafunso ake: khutu limodzi kapena onse? Kamalira mosalekeza ngati nkhululu kapena kamagunda? Kamatsata mtima? Mutu umapweteka? Maso amachita chidima? Nditanena zoti ndikadina pakhosi kamaleka, anasiya kulemba. Akuti zimenezo zimaloza ku mtsempha wobweza magazi kuchokera kumutu, umene umadutsa pafupi penipeni ndi khutu.

Anasuzumira m'khutu ndi katochi. Mulibe litsiro (ndikawauza bambo), mulibe mafinya, kuseri kwa nembanemba kulibe chofiira chilichonse. Anandilowetsa m'kachipinda kotsekeka, zomvera kumakutu, ndizikweza dzanja ndikamva kulira. Ndikumva bwino makutu onse awiri.

Kenaka anaika chomvera chake pakhosi panga, pamwamba pa fupa la paphewa, n'kunditembenuza mutu. Anamvetsera. Ndiye anati, "Eya. Ndikukamva."

Ndinalira ngati mwana. Sindinayembekezere. Mlungu wonse anthu akundiyang'ana ngati wozungulira mutu, ndiye munthu wina akuti nayenso akukamva.

Akuti si misala, ndiponso khutu silinawonongeke. Likumva chinthu chimene chilipodi, magazi anga akudutsa mwaphokoso. Funso n'lakuti akusokoseranji. Anawerenga pa zala: bipi yokwera, chithokomiro chothamanga, pathupi, mtsempha wopanikizika kapena wopindika kuseri kwa khutu, madzi ochuluka m'mutu, nthawi zina kachotupa kakang'ono m'kati mwa khutu. Zina n'zosavuta, zina zimafuna opaleshoni, n'chifukwa chake kaphokoso kotsata mtima sakangokasiya.

Asanamalize anandiyang'anitsitsa, n'kundikoka chikope cham'munsi ndi chala.

"Sisita, inu mumakoka zikope za amayi oyembekezera tsiku lonse kufuna kuona magazi. Chanuchi munachikoka liti?"

Anandipatsa kagalasi. Mbuu, ngati pepala. Manyazi ake! Ananditumiza kukayezetsa magazi, maso, ndi kujambula m'mimba nditamuuza za kumwezi.

Lachisanu, 21 Marichi

Magazi 6.9.

Mayi woyembekezera akanabwera ndi magazi amenewa ndikanamulalatira n'kumugoneka tsiku lomwelo. Ine ndakhala ndikuthamanga nawo m'masitepe n'kumati ndi ukalamba.

Bipi ili bwino, chithokomiro chili bwino, kuseri kwa maso kulibe kutupa. M'chiberekero muli zotupa, si khansa ayi, zija zimachulukitsa magazi a kumwezi. Ndiye nkhani yonse ndi imeneyo. Magazi akachepa amasungunuka, mtima umathamanga kuti ukwanitse, ndipo akamadutsa msanga pafupi ndi khutu amasokosa ngati madzi m'paipi yosadzaza.

Lolemba andiika diripi ya ayironi, kenaka mapiritsi, ndi ena ochepetsa kutaya magazi. Za zotupazo ndikakambirana ndi dokotala wa amayi. Magazi akakwera kaphokoso n'kukhalapobe, ndiye adzajambula mitsempha ya m'mutu.

Bambo abwera ndi chiwindi chodzaza jumbo ndi masamba mtolo wonse. Akuti iwo anadziwa kale kuti si litsiro.

Chinthu chochizika ndi diripi imodzi. Ndikanangopita kwa a Metironi tsiku loyamba lija.

Lolemba, 24 Marichi

Ndagona pabedi la odwala lero, diripi yakuda ngati tiyi ikudontha. Kuyang'ana kudenga kuchokera pabedi n'kwachilendo, sindinkadziwa kuti kuli madontho ochuluka chonchija.

Nditamaliza miyendo inanditengera ku nazale. Ndakhala ndikuopa kupitako. Kamtsikana kaja akachotsa pa mpweya, kakuyamwa mwaukali ngati kakubwezera. Adokotala akuti aziona mmene kazikulira, sangalonjeze zonse.

Mayi ake anandizindikira. Ndimati andilavulira. Koma anati, "Inu ndi aja munkalimbana ndi mayi wa pakhomo uja. Munachoka kodi? Sindikukuonani."

Ndinati andisinthira ntchito.

"Aatali aja ndi amene ndili nawo mawu. Anangondiika kalipenga kamodzi m'mawa. Kenaka ankangosuzumira pakatani foni ili kukhutu, n'kumafuula manambala. Ine ndinkati mwina ndi mmene mumachitira."

Sindinamufunse. Mulungu akudziwa, sindinamufunse.

Mpaka lero Wamtali ndimamusiyira kampata. Ndimati mwina anamvera koma anaphonya, mantha n'kumugwira. Ayi. Chichokere m'mawa muja sanamverenso n'komwe. Amatola nambala m'mutu n'kundiponyera, podziwa kuti dzanja ndi langa. Ndinakhala pabenchi la panja pa nazale, khutu likungoti fuu-fuu, mpaka mlonda anandifunsa ngati ndikudikira munthu.

Lachinayi, 27 Marichi

Wamtali wabwera. Nthawi ya nkhomaliro, pawindo palibe anthu. Anatseka chitseko n'kutsamira. Waonda, maso atupa.

"Wamfupi, ndamva kuti unali ku nazale."

Lero ndakhalanso Wamfupi.

Anayamba kulira. Akuti tsiku lija mwamuna wake amanyamula katundu m'nyumba, mutu sunali pake. Akuti ali kale ndi chenjezo lomaliza la chaka chatha, ndikudziwa. Zikadziwika amuchotsa ntchito ndipo sadzagwiranso kwina.

"Iwe uli ndi umboni wa dokotala. Akukhululukira, anena kuti ndi matenda. Ungovomera kuti unamvera ndiwe, khutu linakunamiza. Ana anga ukuwadziwa. Mnzako akapsa ndevu m'zimire."

Ndinati, "Ndevu zako unazimitsa kale, pa nkhope yanga."

Ndinamufunsa chinthu chimodzi: bwanji sunabwere kwa ine tisanalowe mu ofesi muja? Ukanandipempha mwina ndikanasenza. Ndine wopusa chotero, ukundidziwa. Amangopotokola lamba wa chikwama.

Ndiye zili chonchi. Ndikavomera bodza lake, iye apulumuka, ine ndikhala mzamba amene anabisa khutu lodwala n'kutsala pang'ono kupha mwana. Ku leba sindidzabwererakonso. Ndikanena zoona, ndikudziulula ndekha kuti ndimasayina zongouzidwa, chilango chindipeza, ndipo iye wapita.

Potuluka anafuna kundigwira paphewa. Ndinawerama ngati ndikutola chidindo.

Lamlungu, 30 Marichi

Mwana wamkulu wa Wamtali wandiimbira kundifunsa za mankhwala a chifuwa, "Anti, mwatitaya bwanji?" Sakudziwa kanthu. Kapena amutuma. Taonani mmene ndayambira kuganizira anthu.

Lachitatu, 2 Epulo

Kakuchepa. Lero kanangobwera pokwera masitepe ndi pamene ndinawerama kumanga nsapato. Ndachapa zovala zonse osapumira. Mapiritsi akundimanga m'mimba, koma bola.

Bambo akuti ndinene zoona basi. Kunena n'kosavuta ukakhala kuti sunadye naye m'mbale imodzi zaka zonsezi.

Lolemba, 7 Epulo

Ndadzuka m'mawa, china chake chasowa m'nyumba. Ndayang'ana uku ndi uku. Ndiye ndinamva filiji ikulira kukhitchini, mpopi ukudontha kubafa, bambo akupuma. Khutu lili zii.

Ndinakwera masitepe a kuchipatala mothamanga mwadala. Zii.

Magazi afika 10. Dokotala wa makutu anaikanso chomvera pakhosi, akuti palibe kanthu, kujambula m'mutu sikufunikanso pokhapokha kakabwerera. Ndipitirize mapiritsi miyezi ingapo ndipo zotupa zija ndisazinyalanyaze, apo ayi tidzaonananso. "Khutu lanu ndi labwino kuposa langa, Sisita. Bwererani kuntchito yanu."

Akanadziwa. Komiti ndi mawa.

Lachiwiri, 8 Epulo

Chipinda cha misonkhano, tebulo lalitali, anthu a komiti mbali inayo. Ife awiri anatikhazika pabenchi limodzi. Bondo lake limagunda langa.

Anawerenga zimene dokotala wa makutu anapeza. A Metironi anali ofewa lero, mpaka anandifunsa ngati ndikupeza bwino. Kenaka anati, "Sisita, tamvetsa kuti munali kudwala. Mungotsimikiza kuti munamvera ndinu. Tilemba kuti chinalakwitsa ndi matenda, ntchito simutaya. Mukhala kumakadi, ku leba ayi, koma nkhani ithera pano."

Khomo lotsegula. Bondo lake linandikankha pang'ono.

Ndinaganiza za mayi wina amene adzagone pabedi la pawindo mawa, katani itatsekedwa.

Ndinati, "A Metironi, sindinamvere ndine. Chiyambire khutu kundinamiza sindinaikenso kalipenga pamimba pa munthu. Ndinabisa matenda, ndipo ndinkasayina nambala zimene ndauzidwa. Mlandu umenewo ndi wanga, ndiusenza."

A Metironi anavula magalasi. "Mwauzidwa ndi ndani?"

M'khutu munali chete. Ndinamumva akumeza malovu.

"Wakhala pambali pangayu. Mayi wa mwana akadali ku nazale, mukhoza kumufunsa."

Bondo lija linachoka.

Andiimitsa mwezi umodzi ndi chenjezo. Ukatha ndibwerera ku leba, miyezi yoyamba wina azindiyang'anira. Iye anamuuza kuti atsale m'chipindamo. Sindinacheuke.

Panopa ndili kunyumba, dzuwa likadalipo. Pachipata pali munthu akugogoda. Kagogodedwe kameneko ndimakadziwa, n'ka Wamtali, ndipo ndikukamva bwinobwino. Bambo adzuka kuti akatsegule. Ndawauza akhale pansi.